Malire a wothandizira mwana wa autism: malamulo a ntchito ya RBT ndi kumene anachokera

Mu Disembala 2024, ofesi yofufuza kayendetsedwe ka ndalama mu unduna wa zaumoyo ku America inatulutsa lipoti lonena kuti chigawo cha Indiana chinalipira mosayenera ndalama zosachepera madola 56 miliyoni pa chithandizo chotchedwa ABA cha ana a autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu), kudzera mu thumba la Medicaid limene limalipirira kuchipatala anthu opeza zochepa. Mwezi womwewo apolisi a FBI anakachita chipikisheni pamalo awiri othandizira ana a autism ku Minnesota. Nkhani ziwirizi sizofanana, pakuti ya ku Minnesota inali yoganizira anthu kuti aba ndalama za boma, pomwe ya ku Indiana inakhudza kwambiri zikalata zosalongosoka. Komabe zonse zinautsa funso limene makolo ambiri sankalifunsa, lakuti munthu amene amakhala ndi mwana wawo maola ambirimbiri pa sabata, n'kumalemba zimene zachitika, anaphunzira chiyani ndipo amatsatira malamulo ati.

Makolo ambiri ku America amangomutchula munthuyu kuti therapist, ndipo ena amaganiza kuti ndi katswiri wa digiri. Nthawi zambiri sakhala katswiriyo, koma wothandizira wake, wotchedwa RBT. Pa gulu lonse losamalira mwanayo, iye ndi amene anaphunzira nthawi yochepa kwambiri, komanso ndi amene amakhala naye pafupi kwambiri, ndipo malamulo a ntchito yake anakonzedwa poganizira mpata umenewu.

ABA ndi chiyani

ABA ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Applied Behavior Analysis, kutanthauza kugwiritsa ntchito sayansi ya mmene zolengedwa zimaphunzirira pofuna kusintha zochita za munthu pa moyo wake wa tsiku ndi tsiku. Mizu yake ili mu kafukufuku wa B.F. Skinner, amene anaonetsa kuti chimene chimatsatira munthu akachita kanthu ndicho chimachititsa kuti achibwereze kapena achileke. Ntchitoyi inaima payokha mu 1968, pamene Donald Baer, Montrose Wolf ndi Todd Risley a pa yunivesite ya Kansas analongosola mfundo zake m'magazini yaukatswiri ya Journal of Applied Behavior Analysis, yomwe inayamba kutuluka chaka chomwecho.

Liwu lakuti behavior ambiri amalimasulira kuti khalidwe, koma pano limasokoneza, chifukwa khalidwe m'Chichewa limabwera ndi chiweruzo: timati uyu ndi wamakhalidwe, uyo alibe khalidwe. Mu ABA liwuli limangotanthauza chochita chilichonse chimene chingaoneke ndi kuwerengedwa, monga kuloza kapu, kutchula dzina, kumanga zingwe za nsapato kapena kudziluma dzanja. Choncho m'nkhani ino liwu lakuti khalidwe tilisungira wogwira ntchito, pomwe za mwana tizizitcha zochita.

Kaganizidwe kake n'kosavuta kukaona pagolosale. Mwana waona switi, wayamba kulira ndi kudzigwetsa pansi, mayi wachita manyazi ndi anthu ndipo wamugulira. Mwanayo waphunzira kuti kulira kumabweretsa switi, ndipo mayinso waphunzira kuti kugula switi kumabweretsa bata. Katswiri wa ABA amayang'ana zinthu zitatu: chimene chinachitika poyamba, chimene mwana anachita, ndi chimene chinatsatira. Akatero amafufuza phindu limene mwana akupeza, lomwe kawirikawiri limakhala kufuna kuti anthu amulabadire, kuthawa ntchito yomuvuta, kupeza chinthu chimene akuchifuna, kapena kumva bwino m'thupi. Akapeza chifukwa amalemba ndondomeko yophunzitsa mwanayo njira ina yopezera chinthu chomwecho, monga kupempha ndi mawu, ndi chizindikiro cha manja kapena ndi kakhadi ka chithunzi.

Wolemba ndondomeko ndi woigwiritsa ntchito

Katswiri wolemba ndondomekoyo amatchedwa BCBA, ndipo amakhala ndi digiri ya masters, maola ambiri ogwira ntchito moyang'aniridwa, komanso anakhoza mayeso. Amene amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kunyumba kwa mwana, kusukulu kapena kukiliniki, ndi wothandizira wotchedwa Registered Behavior Technician, mwachidule RBT. Masatifiketi onse awiriwa amaperekedwa ndi bungwe la Behavior Analyst Certification Board, mwachidule BACB, lomwe linakhazikitsidwa mu 1998 ndipo likulu lake lili ku Littleton m'chigawo cha Colorado. Satifiketi ya RBT inayamba mu 2014.

Kuti munthu akhale RBT ayenera kukhala wa zaka zosachepera 18, womaliza sekondale, wofufuzidwa ngati alibe mbiri ya milandu, wophunzira maola 40, woonetsa pamaso pa katswiri kuti ntchito akuitha, ndiponso wokhoza mayeso. Maola 40 ndi sabata imodzi yokha ya ntchito. Tingamufanizire ndi mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi, amene amayeza ana sikelo ndi kupereka katemera motsatira zimene anauzidwa, koma sasintha mlingo wa mankhwala payekha, ndipo akaona chomuposa amatumiza wodwala kwa dokotala.

Pachifukwachi RBT saloledwa kugwira ntchito payekha. Lamulo la BACB limati maola osachepera 5 pa 100 aliwonse amene wagwira pa mwezi akhale oyang'aniridwa, akumane ndi womuyang'anira kosachepera kawiri pa mwezi, ndipo kamodzi mwa maulendowo womuyang'anirayo amuone akugwira ntchito ndi mwana. Masamu ake ndi ofunika kuwaona bwino. Munthu wogwira maola 120 pa mwezi akhoza kukwaniritsa lamulo ndi maola 6 okha oyang'aniridwa, maola 114 otsalawo ali ndi mwana popanda katswiri pafupi, ndipo kawirikawiri mwanayo amakhala wosatha kufotokozera makolo ake zimene zachitika.

Chiwerengero cha anthu ogwira ntchitoyi chakwera mofulumira, moti pofika kumapeto kwa 2024 chinali chitayandikira 200,000. Zifukwa zake ndi ziwiri. Ana opezeka ndi autism achuluka, ndipo lipoti la mu 2025 la CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, linati mwana mmodzi mwa 31 aliwonse a zaka 8, m'madera amene linawerenga, ali ndi autism. Komanso pofika 2019 zigawo zonse 50 za America zinali zitalamula makampani a inshuwalansi kuti azilipirako chithandizo cha autism, ndipo ndalama zitayamba kubwera, makampani opereka ABA anachuluka.

Kumene malamulo anachokera

Malamulo a khalidwe pa ntchitoyi anabadwa m'manyazi. Mu 1972 zinaululika kuti pamalo osungirapo anthu a ulumali wa muubongo otchedwa Sunland Training Center ku Miami, m'chigawo cha Florida, anyamata ankamenyedwa ndi thabwa, kutsukidwa m'kamwa ndi sopo, kumanidwa chakudya ndi kuchititsidwa manyazi pagulu, zonsezi m'dzina la pulogalamu yosintha zochita. Ochita zimenezi anali antchito wamba otsatira malangizo a mkulu wawo, ndipo zilangozo ankazilemba m'buku la tsiku ndi tsiku, chizindikiro chakuti sankaona cholakwika. Kafukufuku amene anatsatira anachititsa chigawo cha Florida kukhazikitsa makomiti ounika ndondomeko zotere, kenako mayeso ndi satifiketi ya akatswiri, ndipo pamaziko a satifiketi ya Florida ndi pamene BACB inamangidwa.

Mbiri ya ABA pa ana a autism nayonso ili ndi zipsera. Ivar Lovaas wa pa yunivesite ya UCLA anagwiritsapo ntchito mbama ndi magetsi pa ana m'zaka za m'ma 1960. Kafukufuku wake wotchuka wa mu 1987 ananena kuti ana 9 mwa 19 amene analandira maphunziro a maola 40 pa sabata anafika potha kuphunzira m'makalasi wamba popanda thandizo lapadera, ngakhale akatswiri ena anatsutsa mmene anawo anagawidwira m'magulu. Amene ankakhala ndi anawo maola onsewo anali ophunzira a payunivesite, osati Lovaas mwini, ndipo dongosolo limeneli, la katswiri mmodzi pamwamba ndi othandizira ambiri pansi, ndi lomwe likugwirabe ntchito lero.

Malamulo amene akugwira ntchito tsopano amatchedwa RBT Ethics Code 2.0 ndipo anayamba pa 1 Januwale 2022. Ali ndi mfundo 29 m'magawo atatu: udindo wa RBT monga wantchito, udindo wake popereka chithandizo, ndi udindo wake kwa BACB ndi kwa womuyang'anira. Pansi pa zonsezo pali nsanamira zinayi, zomwe ndi kupindulira ena, kuchitira anthu chifundo ndi ulemu, kukhala wokhulupirika, ndi kuonetsetsa kuti ukuidziwa ntchito yako. Nsanamirazi aliyense angavomereze. Povuta ndi pamene zatsikira m'chipinda chochezera cha banja linalake nthawi ya 3 koloko masana.

Kulemba zimene zachitikadi

Tiyerekeze mnyamata wa zaka zinayi amene sayankhula, ndipo ndondomeko yake ikuti aphunzire kupempha madzi popereka kakhadi kokhala ndi chithunzi cha kapu. RBT ali ndi pepala kapena tabuleti ya timabokosi khumi, ndipo pa ulendo uliwonse ayenera kulemba ngati mwanayo wapereka khadi yekha, wachita kuthandizidwa, kapena sanapereke. Pa ulendo wachinayi mwana wazengereza, RBT waponya maso pa khadilo mosaganizira, mwana watsatira masowo n'kulitola. Palibe wina waona. Kulemba kuti wachita yekha kungasangalatse mayi ake, kungakongoletse girafu, ndipo kungaonetse kuti RBT ndi waluso, koma zoona zake n'zakuti mwanayo wathandizidwa ndi maso, ndipo ndi zimene ziyenera kulembedwa.

Kanthu kameneka kamaoneka kakang'ono mpaka munthu atalondola kumene manambalawo amapita. BCBA amene sanalipo amadalira pepalalo posankha chochita. Akaona kuti masiku atatu otsatizana mwana wakhoza maulendo 8 kapena 9 mwa 10, amatseka phunzirolo n'kuyamba lina. Mwanayo amatsala asanadziwe kupempha madzi popanda wina womulozera khadi ndi maso, ndipo usiku akamva ludzu amabwerera ku njira yakale yolira ndi kudzimenya. Katswiri ndiye amayamba kufufuza vuto latsopano, osadziwa kuti gwero lake ndi kachizindikiro kamodzi kolembedwa mokomera.

Zolemba zomwezo ndi zimene zimabweretsa ndalama. Nthawi ya RBT ndi mwana imalipiridwa m'timagawo ta mphindi 15, pa nambala ya malipiro ya 97153, ndipo kagawo kalikonse kayenera kukhala ndi umboni wakuti chithandizo chinaperekedwadi. Mwana akagona mphindi 40 pakati pa phunziro, kapena RBT akafika mochedwa ndi theka la ola, nthawi imeneyo si ya chithandizo. Malamulo amati RBT alembe molondola manambala a mwana ndi zikalata za malipiro. Chiyeso chimakhalapo chifukwa ambiri amalipidwa pa ola, ndipo m'makampani ambiri phunziro likalephereka malipiro a maolawo amatayika. Nthawi zina chikakamizo chimachokera pamwamba, bwana akamati lembani maola onse monga anakonzedwera. Wosaina ndi RBT, ndipo kunama pa zikalata za Medicaid ndi mlandu wa boma, osati nkhani ya satifiketi yokha.

Mphatso, chakudya ndi ubale wapawiri

Mfundo imene imadabwitsa anthu ambiri ndi ya mphatso. RBT saloledwa kupereka kapena kulandira mphatso yoposa madola 10 kuchokera kwa mwana, makolo ake kapena womuyang'anira, ndipo ngakhale yochepera pamenepo iyenera kukhala ya apo ndi apo, yongothokoza, osati yoyembekezereka mwezi ndi mwezi. Malamulo akale ankaletseratu mphatso iliyonse, kotero malire a madola 10 ndi kufewetsako. Kampani ikakhala ndi lamulo lokhwima kuposa pamenepa, RBT amatsatira la kampani.

Kwa munthu wokulira kumene mlendo sachoka pakhomo osalawa kanthu, lamuloli limamveka lamwano. Mayi amene waona mwana wake akutchula liwu loyamba ali ndi zaka zisanu amafuna kuthokoza ndi mtima wonse, ndipo kumubwezera envelopu yake pa Khirisimasi kumapweteka onse awiri. Koma akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo mwambiwu ukufotokoza bwino chimene lamuloli likuopa. Wolandira amakhala ndi ngongole. Tsiku lina mayi yemweyo adzapempha kuti phunziro la mswachi alidumphe chifukwa mwana akulira, kapena kuti asauze BCBA zoti kunyumba sakutsatira ndondomeko, kapena kuti asaine maola a tsiku limene banja linali paulendo, ndipo amene anadya envelopu zimamuvuta kukana.

Mphatso ndi mbali imodzi ya nkhani yaikulu ya ubale wapawiri, kutanthauza kukhala wantchito wa banja komanso kukhala nalo pa ubale wina. Zitsanzo zake ndi za tsiku ndi tsiku: kupemphedwa kulera mwanayo Loweruka makolo akapita ku ukwati, kulandira pempho la ubwenzi pa Facebook, kubwereka ndalama, kugulitsa katundu kwa banjalo, kapena kusanduka woululiridwa mavuto a m'banja. Malamulo amati RBT apewe zimenezi, ndipo akazindikira kuti ubale wotere wayamba, auze womuyang'anira, aukonze ndi kulemba zimene wachita. M'tauni yaing'ono, kapena pakati pa anthu ochokera dziko limodzi amene amapemphera tchalitchi chimodzi, kupeweratu n'kosatheka, n'chifukwa chake lamulo limatsindika kuulula msanga. Pa za chibwenzi palibe kukambirana: n'choletsedwa ndi wolandira chithandizo, makolo ake kapena woyang'anira, ndipo ndi wolandira chithandizo wakale kapena abale ake omuyang'anira chimaletsedwa kufikira patatha zaka ziwiri ntchito itatha. Palinso mfundo yakuti RBT sangakhale bwana wolemba ntchito womuyang'anira wake, pakuti munthu sangadzudzule momasuka amene amamulipira.

Chinsinsi ndi foni ya m'manja

Wogwira ntchito m'nyumba ya anthu amaona zambiri: mankhwala ali pashelefu, makangano a makolo, mwana wa zaka khumi wovala thewera. Zonsezi ndi chinsinsi, ndipo ku America zimatetezedwanso ndi lamulo la mu 1996 loteteza chinsinsi cha odwala, lotchedwa HIPAA. RBT saloledwa kuika pa intaneti chithunzi, kanema kapena nkhani imene ingaulule mwana, ngakhale cholinga chikhale chonyadira kuti wachita bwino, ndipo kubisa dzina sikukwanira ngati yunifolomu ya sukulu kapena khomo la nyumba likuoneka. Ngakhale agogo kapena mphunzitsi akafunsa mmene mwana akuchitira, RBT amayankha pokhapokha womuyang'anira atamulola, ndipo mafunso a makolo okhudza ndondomeko amawatumiza kwa BCBA. Bambo akafunsa ngati achotse mkaka pa zakudya za mwana, kapena ngati mwanayo adzayankhule, yankho loyenera ndi lakuti funsolo alipereka kwa katswiri, ngakhale RBT ali ndi maganizo ake.

Kumvera ndondomeko ndi kuteteza mwana

Apa ndi pamene malamulo amakokana. Mfundo imodzi imati RBT atsatire malangizo a womuyang'anira ndi kugwiritsa ntchito ndondomeko monga inalembedwera, osaonjezera njira zake kapena zimene waona pa YouTube. Chifukwa chake n'chomveka: njira zina zimayamba zaipitsa zinthu zisanakonze. Mwana amene anazolowera kupeza tabuleti polira, akaona kuti kulira sikukugwiranso ntchito, amalira kwambiri masiku oyamba, monga munthu amene amamenya wailesi mwamphamvu ikasiya kulira. Wothandizira amene wagonja pa nthawi imeneyi amakhala waphunzitsa mwana kuti kulira kwambiri ndiko kumathandiza.

Mfundo ina imati RBT asavulaze wolandira chithandizo, ndipo achitepo kanthu akaona kuti ufulu wake ukuphwanyidwa kapena ali pachiopsezo. Nkhani ya ku Sunland inaonetsa kumene kumvera kopanda kufunsa kumafikitsa anthu. Njira imene malamulo amapereka ndi yakuti RBT asasinthe ndondomeko mwakachetechete, koma apereke nkhawa yake kwa womuyang'anira ndi kuilemba, ndipo zikapanda kumveka apite nayo pamwamba kapena kwa akuluakulu oyenera. Pa nkhanza za ana lamulo la boma limaposa la kampani. M'zigawo zambiri anthu ogwira ntchito ndi ana amalamulidwa kukanena ku ofesi yoteteza ana akakayikira nkhanza, ndipo safunika kukhala ndi umboni wonse, chifukwa kufufuza ndi ntchito ya ofesiyo.

Njira zachilango ndi zomuletsa mwana kuyenda kapena kugwedezeka zili ndi mpanda wakewake. RBT angazigwiritse ntchito pokhapokha zitalembedwa mu ndondomeko ya mwanayo, komanso womuyang'anira atatsimikiza kuti akudziwa kuzichita. Mu ABA chilango ndi chotsatira chilichonse chimene chimachepetsa chochita, kotero ngakhale kulanda chidole kapena kuchotsa nyenyezi pa tchati kumawerengedwa. Wothandizira amene watopa n'kulanda mwana chakudya chake chamasana kuti amvere waphwanya lamulo, ngakhale mwanayo atamveradi.

Mapeto oopsa a nkhani ya chilango akuonekabe pa Judge Rotenberg Center ku Canton, m'chigawo cha Massachusetts, kumene anthu ena odzivulaza kwambiri amagwidwitsidwa magetsi pakhungu. Bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linaletsa chipangizo chochitira zimenezi mu 2020, khoti la apilo linathetsa chiletsocho mu 2021, ndipo nyumba ya malamulo itapatsa FDA mphamvu zomveka bwino, bungweli linaperekanso ganizo loletsa mu 2024. Mu 2022 mamembala a bungwe la akatswiri a ntchitoyi la Association for Behavior Analysis International anavota kutsutsa njirayi. Makolo ena a anthu okhala pamalopo akhala akuiteteza m'makhoti ponena kuti njira zina zonse zinalephera.

Mawu a anthu a autism eni ake

Malamulo a ntchitoyi akusintha chifukwanso cha anthu akuluakulu a autism, ena mwa iwo analandira ABA ali ana. Bungwe la Autistic Self Advocacy Network, lomwe linayamba mu 2006, ndi ena oganiza chimodzimodzi amati ABA yakhala ikuphunzitsa ana kubisa chibadwa chawo kuti asangalatse ena, monga kuwakakamiza kuyang'ana anthu m'maso kapena kuwaletsa kukupiza manja pamene kukupizako kumawakhazika mtima pansi, ndiponso kuti mwana wophunzitsidwa kumvera wamkulu aliyense amavutika kukana womuchitira zoipa. Akatswiri ndi makolo ochirikiza ABA amayankha kuti yathandiza ana kulankhula, kupita kuchimbudzi okha, kuleka kuthamangira pamsewu ndi kuleka kudzimenyetsa mutu kukhoma, ndipo kuti ABA ya lero si ya nthawi ya Lovaas. Ofufuza nawonso sagwirizana pa kukula kwa phindu lake ndi kuchuluka kwa maola ofunika.

Chimodzi chimene chatuluka mu mkanganowu ndi mfundo ya kuvomera kwa mwana mwini. Kholo ndi limene limasaina chilolezo, koma malamulo a BCBA a mu 2022 amati katswiri afunenso kuvomera kwa wolandira chithandizo pamene n'koyenera. Mwana wosayankhula amaonetsa kuvomera pobwera yekha patebulo, ndipo amakana pokankha makhadi, kutembenuka kapena kubisala pansi pa mpando. BCBA amene amabwera kawiri pa mwezi saziona zambiri mwa zimenezi. Amene amaziona ndi RBT, ndipo zimene angalembe, kaya kuti mwana sanamvere kapena kuti mwana anakankha makhadi katatu atamva phokoso la makina ochapira, zimatsogolera katswiri ku njira ziwiri zosiyana. Kusiyanitsa mwana amene akuthawa ntchito yomuvuta koma yofunika, monga kutsuka mano, ndi mwana amene akuvutikadi, n'kovuta ngakhale kwa odziwa, ndipo n'zokayikitsa kuti maola 40 angamukonzekeretse munthu mokwanira pa zimenezi.

Wophwanya malamulo amatani naye

Zolakwa zing'onozing'ono amazikonza ndi woyang'anira, kudzera m'kuphunzitsanso ndi kulemba. Zazikulu, monga nkhanza, kunyalanyaza mwana, chinyengo kapena kubwereza cholakwa chimodzimodzi, zimakafika ku BACB, ndipo kholo, wantchito mnzake kapena bwana akhoza kukadandaula. Bungweli likhoza kulamula maphunziro owonjezera, kuimitsa satifiketi kapena kuilanda, ndipo lili ndi kaundula wa pa intaneti momwe aliyense angaone ngati satifiketi ya munthu ikugwira ntchito. RBT mwini amayenera kudziulula kubungweli pasanathe masiku 30 akaimbidwa mlandu kapena akayamba kufufuzidwa pa nkhani yokhudza ntchito yake.

Mphamvu za BACB zili ndi malire. Ndi bungwe loima palokha, si boma, kotero silingamange munthu kapena kutseka kampani, ndipo malamulo ake amagwira munthu wa satifiketi, osati eni kampani amene amakonza maola, malipiro ndi chiwerengero cha ana pa katswiri aliyense. Ntchito ya RBT ndi ya malipiro ochepa ndipo anthu amaisiya kawirikawiri, moti mwana mmodzi akhoza kusinthiridwa othandizira angapo pa chaka. Ziphaso za boma zogwirira ntchito zimaperekedwa ndi zigawo, chilichonse ndi lamulo lake.

Malire ena ndi a mayiko. Kuyambira pa 1 Januwale 2023, BACB inasiya kulandira ofunsira satifiketi atsopano okhala m'mayiko ambiri a kunja kwa America, kotero munthu wokhala ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg sangalembetse kukhala RBT, pomwe m'bale wake wokhala ku Indiana angathe. Mabungwe ena, monga International Behavior Analysis Organization ndi Qualified Applied Behavior Analysis Credentialing Board, amapereka masatifiketi a othandizira kwa anthu a mayiko ena ndipo ali ndi malamulo awoawo a khalidwe. Munthu amene wangomaliza maphunziro a maola 40 pa intaneti amalandira pepala losonyeza kuti anaphunzira, koma pepalalo si satifiketi ya RBT, silimupatsa womuyang'anira, ndipo dzina lake silipezeka mu kaundula wa bungwe limene kholo lingakadandauleko.